Dzina Limodzi pa Mipando Iwiri

MUTU 6

1. Malikisi atatu

Pasukulu ponse ankamudziwa ndi dzina loti Injiniya. Dzinali analipata ali Fomu 1, tsiku limene anakwawira pansi pa tebulo m'labu ya makompyuta n'kulumikiza waya amene anazunguza kalasi yonse. Kuyambira pamenepo, pulinta ikatafuna pepala ankaitana iye. Mausi ikafa ankaitana iye. Mtsikanayu ankayenda m'labumo ngati m'nyumba mwa amayi ake, ndipo tisanamizane, dzinalo linkamukomera kwabasi.

Ali Fomu 3, kunyumba kwawo kunabwera msuweni wake, mwana wa amalume. Amalumewo anali atasamukira kutali chifukwa cha ntchito, ndiye anapempha mlongo wawo kuti awasungire mwana mpaka adzalembe mayeso. Msuweniyo anali mtsikana wosayankhulayankhula, moti sabata isanathe anzake anamupatsa dzina loti Kachete.

Kachete anafika osadziwa ngakhale poyatsira kompyuta. Ankalemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha. Amene anamuphunzitsa zonse ndi Injiniya yemweyo, ndipo ankamuphunzitsa mokondwa, uku akumuseka. Ankagona chipinda chimodzi, kuwerengera patebulo limodzi, kupita kusukulu limodzi.

Koma anthu achete, abale, muziwaopa. Pamene Injiniya ankadalira dzina, Kachete ankadalira kope. Chilichonse chimene wamva ankalemba, n'kukachiwerenganso kunyumba.

Teremu yachiwiri ili pakati, aphunzitsi a makompyuta, amene ana ankawatchula kuti a Mawaya, analengeza nkhani. Koleji ina inapereka malo amodzi kwa mwana wa pasukulupo kuti pa holide akaphunzire za kuteteza makompyuta kwa masabata awiri. Wosankhidwayo ankayeneranso kusunga kiyi wa labu n'kumathandiza aphunzitsiwo. Kuti pasakhale kukondera, a Mawaya anapereka mayeso.

Kalasi yonse inkadziwa kale wopambana. Ena anayamba kumutuma Injiniya zoti akawagulire kumeneko.

Zotsatira zinatuluka Lolemba. Injiniya anapeza malikisi 81. Kachete anapeza 84.

Anzake anawomba m'manja, Injiniya anawomba nawo, mano onse panja. Koma nsanje inali itamugwira kale. Mnyamata wina wa pakamwa anakuwa kumbuyo kuti dzina la Injiniya alibweze kwa mwini wake, kalasi n'kufa nacho chiseko. Nthabwala imeneyo inamulasa kuposa malikisi atatu aja.

2. Bokosi lolemba mayina

Lachiwiri a Mawaya anaitana Kachete kutsogolo kuti amuonetse kabati ya pakona, imene nthawi zonse inkakhala yokiya. Munali bokosi lachitsulo lothwanimathwanima, ndipo mawaya a makompyuta onse a pasukulupo ankathera mmenemo. Kwa zaka ziwiri Injiniya ankalakalaka atangosuzumiramo. Lero anaona msuweni wake akupisamo dzanja, iye ali pampando ngati wina aliyense.

A Mawaya anatembenukira kalasi.

"Ana inu, mverani, chifukwa ena mumaona ngati ndimakuvutitsani dala. Kale m'labu muno tonse tinkalowa pa netiweki ndi dzina limodzi. Tsiku lina wina anabweretsa vairasi pa fulashi, ntchito yonse ya a Fomu 4 inapita. Nditafufuza, makina anangondiuza kuti zachitikira pa kompyuta nambala 3. Tsono nambala 3 ndingaiitane ku ofesi? Ili ndi makutu? Tsiku limenelo pampando umenewo panakhala anthu khumi ndi awiri, ndipo onse analumbira kuti si iwo. N'chifukwa chake lero aliyense ali ndi dzina lake lolowera ndi pasiwedi yake. Ukangolowa, bokosi ili limalemba mzere: dzina lako, kompyuta imene wakhalapo, nthawi, ndi khomo lililonse limene wagogoda. Sindichita izi kuti ndizikusakani. Ndimachita kuti chinthu chikalakwika tidziwe munthu wake msanga, osalakwa asavutike. Ndiye pasiwedi sabwerekana. Ukampatsa mnzako, wampatsa nkhope yako kuti akayende nayo kumene iwe sunapite. Wopereka ndi wolandira, onse awiri ndimawawerengera mlandu."

Kachete anaweramitsa mutu. Mwezi wapitawo Injiniya anaiwala pasiwedi yake tsiku lopereka ntchito, ndipo Kachete, pomumvera chisoni, anamunong'oneza yake. Palibe wina amene ankadziwa zimenezi.

Injiniya naye anakumbukira tsiku limenelo. Kungoti iye sanaweramitse mutu.

3. Bulauzi ya paulendo

Amayi a Injiniya anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde, pafupi ndi zenera la chipinda cha atsikanawo. Atamva za kupambana kwa Kachete anaimbira foni mchimwene wawo, mawu ali m'mwamba kuti ndi oyandikana nawo omwe amve. Kenako anatulutsa nsalu yobiriwira imene ankaisunga m'sutikesi, n'kuyamba kumuyeza Kachete bulauzi ya paulendo.

Nsalu imeneyo Injiniya anali ataipempha kawiri konse, n'kuuzidwa kuti ikudikira tsiku lalikulu. Tsiku lalikululo ndiye linali limeneli, la mwana wa eni.

Injiniya anayamba kumenyetsa zitseko. Mbale ankatsuka ngati akulimbana nazo. Kachete akamufunsa kanthu, yankho linali loti afunse kope lake, poti ndi limene limadziwa zonse. Lachitatu madzulo, Kachete atapita kogula ulusi, amayi anaimitsa makina n'kumuitana mwana wawo.

"Khala apa, mwanawe. Chitseko sichinakulakwire, mbale sizinakulakwire. Chimene chikukudyacho ndikuchidziwa, chifukwa nanenso chinandidyapo. Pamene ndinkaphunzira kusoka tinalipo awiri kwa telala mmodzi. Mnzangayo manja ake anali abwino kuposa anga, ndipo makasitomala ankafuna iye. Tsiku lina ndinamasula kasikuluwu ka makina ake kuti ulusi uzikoka nsalu. Anaononga diresi la ukwati la munthu, abwana n'kumuchotsa. Ine ndinatsala, makasitomala ake onse anakhala anga. Koma mpaka lero, zaka makumi awiri, ndikamuona akubwera pamsewu ndimakhotera kanjira kena ngati wakuba. Iye amandipatsa moni ndi mtima woyera, ine ndimasowa poika maso. Nkhani imeneyi sindinamuuzepo munthu, ngakhale bambo ako. Ndakuuza iwe chifukwa ndikuona phazi lako likulunjika komwe ndinaponda ine. Uyu ndi mwana wa mchimwene wanga, magazi ako. Malo a kukoleji adzabweranso chaka chamawa, koma chibale ndi fupa, sichiola. Ukachithyola udzakhala nacho chothyoka moyo wako wonse."

Injiniya anayankha kuti wamva. Anamvadi, koma maso ake anali pa nsalu yobiriwira ija.

4. Nambala 8 ndi nambala 9

Lachinayi pa nthawi yopuma masana, Kachete ananena kuti akupita ku kwaya. Injiniya anadikira kuti akhote pakona, n'kulunjika ku labu.

Munali anyamata atatu okha kutsogolo, ataunjikana pa sikirini imodzi kukangana za mpira. A Mawaya anali ku ofesi ya aphunzitsi. Injiniya anapita mzere wakumbuyo n'kukhala pa kompyuta nambala 8.

Apa mtsikanayu anaona ngati wachenjera. Analowa ndi dzina lake, n'kutsegula manotsi a sayansi, kuti bokosi lija lilembe kuti Injiniya anali pa nambala 8, akuwerenga ngati mwana wabwino. Kenako anasendera pampando woyandikana nawo, nambala 9. Pamenepo analemba dzina la Kachete ndi pasiwedi imene anamunong'oneza ija. Kompyuta inamulandira popanda funso.

Anapita pa foda ya aphunzitsi, mmene mumasungidwa mafunso a mayeso. Foda inafunsa pasiwedi ya aphunzitsi. Analemba zilizonse, inakana. Analembanso, inakana. Anachita zimenezi kasanu. Sankafuna kuti itseguke ayi. Ankangofuna kuti bokosi lilembe kuti Kachete amagogoda pakhomo la mayeso, kuti aliyense azifunsa kumene malikisi 84 aja anachokera.

Zonsezi zinatenga mphindi khumi. Anatuluka pa nambala 9, n'kubwerera pa nambala 8. Anyamata aja anali akadali pa mpira wawo.

Belu litalira anakumana ndi Kachete pakhomo la kalasi. Kachete anamugawira theka la lalanje, iye n'kulandira.

5. "Ndinali ine"

Lachisanu m'mawa Kachete anaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Patebulo panali pepala la mizere isanu yofiira, uliwonse uli ndi dzina lake. Bokosi lija linkatumiza chenjezo kwa a Mawaya munthu akayesa kulowa malo oletsedwa, ndipo chenjezolo ndi limene anasindikiza.

Ahedi anali mayi wosakonda kuzungulira. Anamufunsa ngati dzinalo ndi lake, iye anavomera. Anamufunsa ngati anali pa nambala 9 dzulo masana. Asanayankhe, a Mawaya analowererapo mofatsa. Anamuuza kuti asachite mantha, dzina pa pepala si munthu, ndipo ngati alipo amene anamupatsa pasiwedi angomutchula.

Kachete anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Munthu wodziwa pasiwedi yake anali mmodzi yekha padziko lonse, ndipo munthuyo ankagona naye chipinda chimodzi, m'nyumba ya azakhali amene ankamusunga.

"Palibe amene ndinamupatsa," anatero. "Ndinali ine."

A Mawaya anapempha kuti awapatse nthawi aonenso bwinobwino, koma ahedi anati mwana wavomera yekha, palibenso chofufuza. Analamula kuti malo a kukoleji apite kwa amene anali wachiwiri, ndipo analemba kalata yopita kunyumba.

Nkhani yoipa siichedwa. Pofika masana sukulu yonse inali itamva kuti Kachete ndi wobera mayeso. Mnyamata wa pakamwa uja anabwera kudzamugwira chanza Injiniya, akuti iye ankadziwa kale kuti pali chinyengo. Injiniya anasangalala, tisabise. Anasangalala mpaka nthawi yoweruka.

Panjira yopita kunyumba atsikana awiriwo anayendera limodzi. Atafika pa mlatho wa ngalande, Injiniya anayerekeza kufunsa ndi mawu achisoni kuti kodi ku ofesi zinatha bwanji. Kachete sanamuyang'ane.

"Pasiwedi ndasintha," anatero. Anayenda pang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Upite, msuweni. Ukaphunzire bwino. Ukabwerako udzandiphunzitse ngati kale."

Bwenzi zili bwino akanamutukwana. Injiniya anali atakonzekera mkangano, mayankho ali kale pamlomo, koma mawu amenewa analibe powagwira. Anangomutsatira pambuyo.

Kunyumba amayi anawerenga kalata ija kawiri ataimirira. Sanakalipe. Anangofunsa Kachete kuti mchimwene wawo akamuuza chiyani, popeza anamulonjeza kuti mwana wake ali m'manja abwino. Kachete anagwada n'kupepesa, misozi ili chuchuchu. Amayi anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo, amene nthawi imeneyo anali atatanganidwa kwambiri ndi kumasula zingwe za nsapato.

Loweruka ndi Lamlungu makina osokera sanalire. M'chipinda cha atsikanawo aliyense ankayang'ana khoma lake.

6. Ntchito yoyamba

Lolemba ataweruka, a Mawaya anamuuza Injiniya kuti atsale. Anatsegula kabati ya pakona ija, n'kumuonetsa bokosi, mawaya ndi timagetsi tonse, chimodzichimodzi, monga anachitira ndi Kachete. Kenako anamuika kiyi wa labu m'manja. Anali kakiyi kakang'ono, kozizira, komangidwa pa chingwe chofiira.

Injiniya anathokoza, n'kutembenuka kuti azipita.

"Dikira," anatero a Mawaya. "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Wosunga kiyi amayamba ntchito tsiku lomwelo."

Anatulutsa pepala lina m'drowa, lalitali kuposa la ku ofesi lija. Anafotokoza kuti Lachisanu anali ndi chenjezo lokha, mizere isanu basi. Loweruka anabwera kusukulu n'kusindikiza zonse zimene bokosi linalemba pa ola limenelo, za makompyuta onse a pasukulupo. Anaika chala pa mzere wina n'kumuuza kuti awerenge.

Injiniya anawerenga. Dzina la Kachete, kompyuta nambala 9, m'labu, nthawi ya 12:20.

Chala chinatsika pang'ono. Dzina la Kachete, kompyuta ya ku laibulale, kuyambira 12:10 mpaka 12:45.

Kwaya sinachitike tsiku limenelo, chifukwa oimbitsa anadwala. Kachete anangokhotera ku laibulale. A Mawaya anati anafunsa mayi oyang'anira laibulaleyo, ndipo iwo anamukumbukira bwino, poti anapempha pepala lolembapo. Kachete ankafufuza pa intaneti mmene angakonzere makina osokera amene akudumpha ulusi.

"Dzina limodzi pa mipando iwiri, nthawi imodzi," anatero a Mawaya. "Laibulale ili tsidya lina la bwalo la mpira. Msuweni wako ndi wanzeru, koma sangadzigawe pakati. Tsono mvera, chifukwa ili ndi phunziro limene ngakhale kukoleji akakuuza tsiku loyamba. Bokosi silinama, koma limangodziwa dzina limene lapatsidwa. Ntchito yathu ndi kupeza munthu amene ali kuseri kwa dzinalo. Tikaima pa dzina lokha, timalanga wosalakwa, wolakwa n'kumayenda m'khonde akugwirana chanza ndi anzake. Zaka zonse zimene ndagwira ntchito imeneyi ndaona ana akubera, ndaona ana akukana, koma mwana wovomera mlandu umene sanapalamule ndamuona kamodzi kokha. Wotero amakhala akuteteza munthu amene amamukonda. Ndipo munthu wotetezedwayo, ngati ali ndi mtima, sapeza tulo. Mlandu suola, mwana wanga. Umangosintha pogona."

Injiniya anafunsa ndi mawu otsika kuti iwo akufuna kuti iye achite chiyani.

A Mawaya anasuntha chala kachitatu, n'kuchiika pa mzere wa pamwamba.

"Pa nambala 8 panali iwe. Unalowa 12:17, unatsegula manotsi a sayansi, ndipo kwa mphindi khumi sunatembenuze tsamba ngakhale limodzi. Pakati pa nambala 8 ndi nambala 9 sipangadutse ndi mphaka yemwe. Ndiye ngati alipo munthu pasukulu pano amene anaona wokhala pa nambala 9, munthuyo ndiwe."

Anapinda pepalalo pakati n'kumupatsa.

"Fomu ya kukoleji ndikutumiza Lachitatu masana, ndipo ili ndi malo a dzina limodzi. Lachitatu m'mawa ubwere ku ofesi ya ahedi. Amayi ako ndawaitana, msuweni wako adzakhalaponso. Udzatiuze amene anakhala pa nambala 9."

Atatero anatenga chikwama chawo, n'kumukumbutsa kuti azimitse magetsi ndi kukiya chitseko, popeza tsopano ndi ntchito yake.

Injiniya anazimitsa makompyuta imodziimodzi, kuyambira kutsogolo. Anachedwa dala. Atatuluka, anakiya chitseko.

Pakhonde panali munthu. Kachete anali atakhala pa masitepe, zikwama ziwiri pamiyendo, chake ndi cha Injiniya, akumudikira kuti apitire limodzi monga mwa masiku onse. Anaimirira n'kumupatsira chikwama. Anaona kiyi. Kenako maso ake anagwera pa dzanja linalo.

"Nanga pepalalo ndi la chiyani, msuweni?"